Chingwe Chimene Kamphepo Anazula

Kamphepo anadina batani kachitatu, koma makina a ng'oma anangoti zii. Pa kompyuta piyano inali itayamba kale kulira, besi nayo ikutsatira, koma kabokosi kakale kaja kanakhala duu ngati kakumuderera. Chingwe anali atalumikiza bwinobwino, mbali ina ku kompyuta, mbali ina kumbuyo kwa makinawo. Nanga vuto linali pati?

"Zikutheka, mwanangu?" anafunsa bambo ake. Anali ataima pa maikolofoni, mahedifoni ali m'khosi, kapu ya madzi ofunda ili m'manja.

"Zikutheka, Ababa. Mphindi imodzi yokha."

Koma mphindi zotaya ndiye panalibe. Tsikulo linali Loweruka masana, ndipo Lolemba m'mawa bambo akewo ankayenera kukachitidwa opaleshoni yapakhosi. Adokotala sanawabisire. Chotupa chinali chitakula, ndipo kuti achichotse anayenera kuchotsa ndi kholingo lomwe. Moyo akanaupulumutsa, inde, koma mawu sakanatulukanso mpaka kalekale. Bambowo anali dalaivala wa basi, koma paunyamata wawo ankayimba m'bandi, ndipo panali nyimbo imodzi imene anaipeka okha osaijambula, chifukwa bandiyo inatha isanalowe mu situdiyo. Kwa zaka makumi awiri ankangoiyimba posamba ndi potsuka basi. Atachoka kwa adokotala anangopempha chinthu chimodzi basi: "Ndisanatseke pakamwa, nyimbo ija itsale."

Situdiyoyo inali ya amalume ake a Kamphepo. Tikati situdiyo musaganize zazikulu ayi. Kanali kachipinda kuseri kwa shopu yokonza mafoni, makoma ake omata masiponji akale, fani yakufa ili pakona. Tsoka ilo, atangotsala pang'ono kuyamba, amalumewo anaitanidwa mwadzidzidzi ku holo ina kumene zokuzira mawu zawo zinakana kulira. Ali pakhomo, chikwama chili paphewa, anamuitana mtsikanayo.

"Tamvera bwino, iwe. Zinthu ziwirizi chilichonse chili ndi wotchi yake m'kati. Ukazisiya zokha, chilichonse chiyenda mmene chifunira. Ndiye kompyuta itsogolere, makina a ng'oma azitsatira. Ulumikize chingwe ichi, ukankhe kabatani aka, kenako ulowe mu pulogalamu n'kuiuza kuti..."

"Ndikudziwa, Amalume. Pitani, muchedwa."

Ankadziwa chiyani? Dzina loti Kamphepo sanamupatse pachabe. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, mutu wake unali wakuthwa ndithu, koma chilichonse ankachichita mwaphuma, ndipo kumvetsera munthu mpaka amalize kunali ngati chilango kwa iye. Kusukulu anatchuka ndi tinyimbo ta theka la mphindi timene ankapanga mu situdiyomo n'kutumizira anzake pafoni. Pa tinyimbo timeneto chingwe sankachikhudza n'komwe. Anali ndi njira yakeyake. Ankaika liwiro la 96 pa kompyuta, 96 pa makina a ng'oma, n'kudina mabatani awiriwo nthawi imodzi ndi zala ziwiri. Njira imeneyi inali isanamugwiritsepo mwala.

Anayang'ana bambo ake, anayang'ananso chingwe. Foni inali m'thumba, akanatha kuyimbira amalume. Koma m'mawa womwewo, polowa, bambo ake anali atauza wokonza mafoni uja monyadira kuti, "Mwamuona uyu? Injiniya wanga ameneyu." Injiniya wanji woyimba foni kufunsa poyatsira? Anawerama kuseri kwa tebulo, n'kuzula chingwe chija, n'kubweza kabatani pamalo pake pakale.

"Takonzeka, Ababa."

"Ndiye zake zimenezo. Koma m'makutumu undipatse ng'oma zokha. Piyano yanu ya mu kompyutayo imandisokoneza. Ine ndi kabokosi aka tinadziwana iwe usanabadwe."

Zinali zoona. Makinawo anali a bandi yawo yakale, penti itasupuka, nambala zake zikuoneka mwa apo ndi apo. Ndipo pempholo silinali lachilendo, pakuti amalume nawo ankatero: mawu a woyimba ankalowa mu kompyuta poyamba, ng'oma n'kuzijambula pambuyo. Kamphepo anaika zala ziwiri pa mabatani, anapuma, n'kudina.

Abale inu, munthu uja anayimba! Kamphepo anali atamva nyimboyo kambirimbiri kudzera pachitseko cha bafa, koma osati chonchi. Inali nyimbo ya munthu wobwerera kwawo atakhalitsa kutali. "Nditsegulire, ndafika, fumbi lili m'maso," anatero mawu aja, okhuthala, osanjenjemera ngakhale pang'ono, ngati pakhosipo panalibe kanthu. Bambowo anatsinzina, phazi likugunda pansi, ndipo anadutsa ndime zonse zinayi osapunthwa. Atamaliza anaseka, akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Taiyika timve, injiniya."

Kamphepo anadina kompyuta yokha, mawu ndi piyano n'kutuluka pa masipika. Ndime yoyamba inakoma zedi. Pa ndime yachiwiri bambo ake anakwinya nkhope. Mawu ankafika mochedwa pang'ono, piyano itadutsa kale. Pa ndime yachitatu kuchedwako kunamveka ngakhale kwa munthu wosadziwa nyimbo. Pofika kumapeto, piyano inkasintha mawu asanamalize mzere, nyimbo yonse n'kusokonekera.

"Ndikuchedwa," anatero bambowo motsitsa. "Ine? Kuchedwa ine?"

"Koma mawu atuluka bwino, Ababa."

"Bwino pati? Sukumva mmene ndikukwawira? Fufuta."

"Mwina tisunge kaye..."

"Fufuta, mwanangu. Sindifuna adzukulu anga adzamve zimenezi n'kumati agogo ankayimba ataledzera."

Kompyutayo inali yakale ndiponso yodzaza, moti inkadandaula za malo nthawi zonse. Inamufunsa ngati akufunadi kufufutiratu, osadzabwezanso. Kamphepo anavomera. Panthawiyo nayenso ankaganiza kuti mwina bambo ake achedwadi.

Kachiwiri zinachitika chimodzimodzi, anafufutanso. Kachitatu bambowo anayamba kuthamangira kutsogolo kwa ng'oma zimene ankamva, kuti mwina akumane ndi piyano. Nyimbo ija inasanduka mpikisano. Mitsempha ya m'khosi inatupa, malaya ananyowa.

Ndi pamenepo pamene Kamphepo anaona. Pa makina a ng'oma panali kanyale kofiira kamene kankaphethira pa kugunda kulikonse. Pa kompyuta panalinso kachizindikiro kophethira chimodzimodzi. Poyamba ziwirizi zinkaphethira limodzi. Itatha mphindi imodzi, kanyale kofiira kanayamba kutsalira. Zitatha mphindi zitatu, china chikayaka china chinkakhala chitazima. Chilichonse chili ndi wotchi yake, anatero amalume. 96 wa kabokosi kokalamba kaja sanali 96 wa kompyuta. Pa theka la mphindi kusiyanako sikunkamveka, koma nyimbo iyi inali ya mphindi zisanu. Bambo ake sankachedwa ayi. Ankayenda ndendende ndi ng'oma zimene anawapatsa m'makutu, ndipo wolakwa anali iyeyo.

Apa ndiye panali ponenera. Akanangoti, "Ababa, imani kaye, ndalakwitsa ine." Mawu ochepa chabe. Koma akanena zimenezo, anayeneranso kunena kuti kuyimba koyamba kuja, kokoma kuja, kunalibe vuto lililonse, ndipo iye wakufufuta. Anayang'ana nkhope ya bambo ake, mantha ndi manyazi n'kumutseka pakamwa. Anadzinamiza kuti akadina mwaluso kwambiri ulendo wotsatira, mwina zikhala bwino.

Atamva kachinayi, bambowo anakhala pampando, akupuma movutikira. Kenako anati, "Tayatsa ndi ng'oma zomwe, tizimvere pamodzi. Mwina ndizindikira pamene ndikutayikira."

Kamphepo anadziwa kuti akangotero chilichonse chionekera poyera, chifukwa mawu akanagwirizana ndi ng'oma, piyano yokha n'kuthawa.

"Sizingatheke, Ababa. Masipikawa satulutsa zonse ziwiri nthawi imodzi."

Bodza limenelo linatuluka mosavuta moti iye mwini anadabwa. Bambo ake sanatsutse. Anangogwedeza mutu, n'kumwa madzi amene tsopano anali atazizira, n'kuimiriranso.

Kachisanu mawu anayamba kusasa. Kachisanu ndi chimodzi bambowo analibenso mphamvu zothamangira. Anangotsamira khoma n'kumatsata ng'oma pang'onopang'ono, mawu akutuluka ngati akudutsa pamchenga. Pakati pa ndime yachitatu anatsegula pakamwa, koma sipanatuluke kanthu. Kenako chifuwa chinawagwira, anatsokomola mpaka kuwerama. Atachotsa kampango pakamwa, Kamphepo anaona kadontho kofiira asanakapinde.

"Basi," ananong'ona. "Usaiyikenso, ndamva zokwanira. Ndimayesa matendawa ali pakhosi pokha, kani afika ndi m'mutu momwe." Anapachika mahedifoni pa maikolofoni mosamala, anasisita kabokosi kakale kaja kamodzi, n'kutuluka. Kamphepo anati atsala kuti azimitse zipangizo.

Amalume anamupeza atakhala pomwepo, sanazimitse chilichonse. Analowa akuyimba likhweru, koma atangoona chingwe chili lende kuseri kwa tebulo, likhweru linathera m'kamwa.

"Ichi chikutani pansi apa?"

Kamphepo anafotokoza zonse, mutu uli pansi. Amalume sanakalipe. Anakoka mpando msangamsanga n'kukhala pa kompyuta.

"Chabwino, sizinaonongeke kwambiri. Ngati alamu anatsata ng'oma, ndingochepetsa liwiro la piyano kuti lifanane nawo. Ntchito ya mphindi khumi. Koyamba kuja kuli pati?"

"Ndinafufuta."

"Kufufuta kwake kotani?"

"Kufufutiratu."

Amalume anafufuza paliponse. Anatsegula uku, anatsegula uko, anaitana ndi wokonza mafoni yemwe kuti ayese nzeru zake. Koma pa kompyuta yodzaza ngati imeneyo, zojambula zatsopano zinali zitalowa kale pamalo pa zakale. Chimene chinatsala ndi kuyimba komaliza kokha, kosasa, kodukira panjira. Wokonza mafoni atatuluka, amalume anatembenuka.

"Unazindikira liti?"

"Pa kachitatu."

"Pa kachitatu! Ndiye unawasiya ayimbe katatu kena, ndi khosi limene lija? Iwe mwana iwe!" Anagwira mutu ndi manja onse awiri. "Kusadziwa si mlandu. Ine ndinaphunzira chingwe chimenechi nditachita manyazi pamaso pa anthu odzaza holo. Koma iwe unaona, n'kukhala chete, munthu akudzitukwana yekha."

"Mukawauze ndinu, Amalume. Chonde."

"Ayi. Pakamwa uli napo."

Lamlungu nyumba yonse inali zii. Bambo ake anadzuka opanda mawu, ankangonong'ona, ndipo anagona kuchipinda tsiku lonse atayang'ana kukhoma. Mayi ake ankasita zovala zogonera n'kumalongedza m'chikwama: sopo, mswachi, thaulo, masilipasi. Atafunsa za nyimbo, bambowo anangopukusa dzanja, ndipo mayiwo sanafunsenso. Kawiri konse Kamphepo anafika pachitseko cha kuchipindako, dzanja lili m'mwamba kuti agogode. Kawiri konse anabwerera, akudziuza kuti munthu wodwala safunika kumukwiyitsa, kuti adzanena zinthu zikadzakhala bwino. Pansi pa mtima ankadziwa kuti sakuteteza bambo ake, akudziteteza yekha.

Lolemba m'mawa, kuchipatala, anamwino anabwera ndi bedi la matayala. Bambo ake anali atavala chovala chobiriwira chomanga kumbuyo, ndipo ankaoneka ochepa thupi kusiyana ndi kunyumba. Ananong'oneza mayi ake kanthu kena, kenako anakodola Kamphepo. Iye anawerama mpaka khutu lake linafika pafupi ndi pakamwa pawo.

"Pepa, mwanangu," anatero movutikira, liwu lililonse likuchita kukokedwa. "Ndinakutayitsa nthawi Loweruka. Iwe unagwira ntchito yako bwino. Ndine ndinakuonongera."

Anamwino anali atagwira kale bedi. Nthawi inalipo, yochepa koma yokwanira.

"Palibe kanthu, Ababa," anatero.

Bedi linayenda, zitseko ziwiri zinatseguka n'kutsekeka. Mawu amene anamunong'oneza aja ndiwo anali omaliza amene bambo ake analankhula ndi pakamwa pawo, ndipo anali opepesa mlandu umene sanapalamule. Kamphepo anathamangira kuchimbudzi cha chipatalacho, anadzitsekera, n'kulira mpaka m'mimba munamupweteka.

Opaleshoni inayenda bwino. Lachitatu, ataweruka kusukulu, Kamphepo anapita ku situdiyo yunifolomu ili m'thupi.

"Amalume, ndionetseni za chingwe zija. Kuyambira poyamba. Sindikudulani."

Amalume anamupatsa mpando. Analumikiza chingwe, anakankha kabatani, anatsegula tsamba lina mu pulogalamu. Pamenepo panali kabokosi kakang'ono kofunika kuchonga, kouza kompyuta kuti izitumiza wotchi yake kunja.

"Chonga apo. Tsopano dina."

Anadina batani limodzi lokha, ndipo makina a ng'oma anadzuka okha n'kuyamba kugunda limodzi ndi piyano. Anadikira mphindi zisanu zathunthu akuyang'anitsitsa kanyale kofiira. Sikanatsalire ngakhale kamodzi.

"Basi? Kabokosi kamodzi komweka?"

"Komweko. Ndi zimene ndinkafuna kukuuza pakhomo paja."

Anagwira ntchito masana onsewo. Anatenga kuyimba komaliza kuja, anafunafuna liwiro lenileni limene kabokosi kakale kankayendera Loweruka, n'kutsitsa piyano ndi besi kuti zifike pomwepo. Atajambula ng'oma n'kuphatikiza zonse, mawu osasa aja anakhala pamalo pake ndendende, kuyambira mzere woyamba mpaka pamene anadukira. Amalume anapukusa mutu. "Wamva? Munthu wotopa, khosi likutuluka magazi, koma sanaphonye ngakhale kugunda kumodzi."

Lachisanu madokotala analola ana kulowa. Bambo ake anali atakhala motsamira mapilo, khosi lili ndi mabandeji, kapaipi katatulukira pamenepo. Pambali pawo panali kope la sukulu ndi cholembera. Mayi ake atatuluka kukatsuka makapu, Kamphepo anatulutsa foni ndi timahedifoni tating'ono. Bambowo ataona, anapukusa mutu n'kukankha dzanja lake.

"Chonde, Ababa. Kamodzi kokha."

Anawaika m'makutu n'kudina. Poyamba nkhope yawo inali yolimba, akudikira manyazi aja. Ndime yoyamba inadutsa. Yachiwiri inayamba, ndipo maso awo anatseguka kwambiri. Chala chawo chinayamba kugogoda pachitsulo cha bedi. Kenako anavula timahedifonito, anatenga kope, n'kulemba mwachangu: Mwakonza bwanji kuchedwa kwanga?

"Simunachedwe, Ababa." Kamphepo anapitiriza osaima. "Mawu anuwo sitinawakhudze n'komwe. Amalume anandiuza kuti ndilumikize makina ndi kompyuta, ine sindinamvetsere. Zitandikanika ndinazula chingwe. Ng'oma zinkayenda pazokha, piyano payokha. Inu munkayimba bwino kuyambira koyamba. Ndinazindikira pa kachitatu, koma ndinachita mantha. Za masipika zija ndinakunamizani. Ndipo Lolemba munandipepesa, ine n'kuvomera."

Pabedi loyandikana nalo wina ankatsokomola, panja pankadutsa kangolo ka mankhwala. Kenako bambo ake analemba pang'onopang'ono: Koyamba kuja kulipo?

"Kulibe. Amalume anafufuza paliponse."

Cholembera chinakhala m'mwamba. Chinatsika n'kulemba: Ndinakuuza ndine kuti ufufute.

"Koyambako inde, Ababa. Koma pamene ndinazindikira, mawu munali nawobe. Tikanadikira amalume, mukanapuma, mukanaiyimba yonse kamodzi kokha. Ndinakutherani mawu ndine."

Bambowo anatseka kope. Sanamukalipire, pakuti analibe chokalipira nacho, ndipo sanamusisite mutu monga ankachitira kale. Anatembenukira kuwindo, misozi ikutsika mwakachetechete mpaka kunyowetsa bandeji. Kamphepo anakhala pomwepo, manja ali pamaondo. Ankalakalaka akanamutukwana, akanamumenya ngakhale mbama, koma kunalibe chilichonse choti chimupeputse.

Patapita nthawi, dzanja lawo linafufuza pabulangete mpaka linapeza timahedifoni tija. Kamodzi anaika m'khutu mwawo, kenako anatambasula dzanja, osamuyang'ana, n'kumupatsa kotsalako. Kamphepo anasendeza mpando, anayambitsanso nyimbo.

Anamvera limodzi ndime yoyamba, ndi yachiwiri. Pakati pa yachitatu mawu aja anasasa, anakoka mpweya, n'kuduka. Kamphepo anasuntha chala kuti azimitse, koma bambo ake anamugwira dzanja mwamphamvu. Milomo yawo inali ikuyenda, ikutchula mizere yotsalayo popanda phokoso. Piyano ndi ng'oma zinapitirira zokha kwa mphindi ziwiri zathunthu, ndipo Kamphepo anamvera zonsezo mpaka kumapeto, akuyang'ana pakamwa pa bambo ake.